Mwaitanidwa ku intavyu ya sukulu ya udokotala? Yambani mwakonza zovala

Kalata ikabwera yoti mukaonekere ku intavyu ya sukulu ya udokotala, mtima umathamangira ku mafunso. Akandifunsa chiyani? Ndikayankha bwanji akafuna kudziwa chomwe ndikufunira ntchito ya chipatala? Zovala zimakumbukiridwa mochedwa, kawirikawiri usiku woti mawa ndi ulendo. Apo m'pamene munthu amazindikira kuti buluku lomwe adavala pa ukwati wa achemwali silikutsekanso m'chiuno, shati yoyera yachita chikasu m'khwapa, ndipo magetsi athima.

Zimandiwawa ndikaona mwana amene wawerenga usiku ndi usana mpaka kukhoza bwino MSCE akulowa m'chipinda cha mafunso dzanja lili pachifuwa kubisa banga, kapena akukhalira m'mphepete mwa mpando kuopa kuti msoko ungaphulike. Maganizo ake agawikana, ena ali pa funso, ena ali pa chovala. Musalole wina akunamizeni kuti mukatenge katapila chifukwa cha suti. Chofunika n'chakuti chovala chikhale chaukhondo, chokukwanani, chosokedwa bwino, choti mukangovala muchiiwale n'kumaganiza za mayankho. Zonse zili m'munsimu zikulinga pamenepo.

Werengani kalata yonse, kenako funsani

Sukulu iliyonse ili ndi kasankhidwe kake. Ina imangoona zotsatira za mayeso, ina imaitana anthu kuti akaonekere pamaso. Madokotala m'dziko muno amaphunzira ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe idayamba ntchito mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ndipo kampasi yake ya ku Blantyre ili kufupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth. Kuno kwathu ku Zomba tili ndi kampasi ya Malawi College of Health Sciences, komanso koleji ya anamwino ya St Luke's ku Malosa. Kulikonse komwe mwaitanidwa, onani ngati kalata yanenapo za kavalidwe. Ngati sinanene, imbani pa nambala yomwe ili pa kalatayo, mufunse mwaulemu: "Pepani bwana, ndaitanidwa ku intavyu, ndimafuna ndidziwe ngati pali kavalidwe komwe mumafuna." Safunsa adadya phula.

Makoleji a mipingo amatsatiranso chikhalidwe cha mpingo wawo. Koleji ya Malamulo ku Thyolo ndi ya Seventh Day Adventist, mpingo womwe sulimbikitsa ndolo ndi mikanda, ndiye wopita kumeneko azisiye kunyumba. Atsikana amafunsa kawirikawiri za buluku. Lamulo la 1973 loletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi lidatha pamene dziko limalowa m'ndale za zipani zambiri, ndipo lero amayi ambiri amavala mabuluku m'maofesi. Komabe pamene simukudziwa amene mukakumane nawo, siketi kapena diresi lofika pansi pa mawondo silikhumudwitsa aliyense. Achisilamu valani hijabu yanu, yosachuluka maluwa, yomangidwa bwino kuti musamangoikonza. Chinthu chimodzi chokha ndichiletse motsindika: musavale chikhoti choyera cha madokotala kapena kukoleka chopimira m'khosi. Zimenezo mudzazivala mukazigwirira ntchito.

Kutatsala sabata ziwiri, valani zonse

Ili ndiye gawo lomwe anthu amadumpha, chikhalirecho ndi lomwe limapulumutsa. Tulutsani chilichonse chomwe mukuganiza kuti mudzavala, kuyambira zamkati, vesiti kapena pitikoti, shati, buluku, lamba, masokosi mpaka nsapato, muvale masana. Kuimirira pagalasi sikokwanira, chifukwa intavyu amachita chokhala. Khalani pa mpando wa thabwa muone ngati siketi ikukwera kupitirira mawondo, ngati mabatani a pachifuwa akutsegula mpata, ngati buluku likuthina pantchafu kapena kukwera mpaka kuonetsa msongolo. Kwezani manja ngati mukupereka mapepala. Weramani mutole cholembera pansi. Kenako tulukani panja muime podzuwa, amayi kapena achemwali akuoneni kumbuyo, chifukwa nsalu zina zimaoneka zabwinobwino m'nyumba koma panja zimaonetsa zamkati.

Mukavula, tembenuzani chovala chilichonse muyang'ane misoko ya m'khwapa, pakati pa miyendo ya buluku, m'matumba ndi mpendero. Gwedezani batani lililonse. Tsekani ndi kutsegula zipi kangapo. Lembani papepala vuto lililonse lomwe mwapeza. Pepalalo ndi lomwe likuuzeni choti mukonze, choti mubwereke ndi choti mugule, ndipo muzitsata ndondomeko yomweyo: kukonza chomwe muli nacho kuyambe, kugula kukhale komaliza.

Za mitundu sizivuta. Pansi pakhale pakuda, pa buluu woderapo kapena potuwa, pamwamba poyera kapena pa buluu wowala. Jekete likakhalapo ndi bwino, likasowa si mlandu. Mu October, kutentha kwake kuja, shati ya manja aatali ndi tayi n'zokwanira, ndipo mu June kapena July juzi yopanda zolembalemba imagwira ntchito ya jekete.

Kubwereka ndi kugula pa kaunjika

Kubwereka si manyazi. Amalume, alamu, mnzanu wa kutchalitchi kapena kumzikiti, aphunzitsi anu akale, ambiri amasangalala kuthandiza mwana amene akupita kukayesa mwayi wotere. Pemphani msanga, tengani chovalacho kunyumba, ndipo chiyeseni monga ndanenera pamwambapa. Ngati chikufunika kupinda, pemphani chilolezo, ndipo apinde ndi ulusi osadula nsalu kuti mwini wake adzamasule.

Ngati mugule, msika waukulu wa Zomba uli ndi kaunjika wokwanira, bola mupite m'mawa mutadekha. Tengani tepi ya telala kapena chingwe chomwe mwapanga mfundo pa muyeso wa chiuno chanu ndi kutalika kwa mwendo, chifukwa manambala a pa zovala zakunja amasiyana dziko ndi dziko. Chovala mwachikonda chitulutseni pamthunzi wa benchi, muchione padzuwa: kolala, m'khwapa, kumapeto kwa manja, ndi timabowo ta njenjete tomwe timaoneka mukachiyang'anitsa kumwamba. Kumbukirani kuti telala amatha kufupikitsa chachitali ndi kuchepetsa chachikulu, koma chothina sangachikulitse pokhapokha mkati mwa msoko muli nsalu yotsala. Pa jekete yang'anani mapewa. Manja amafupikitsika, m'chiuno mumachepetseka, koma mapewa akakula kukonza kwake n'kovuta ndipo kawirikawiri amatuluka opindika. Jekete logwa mapewa lisiyeni ngakhale wogulitsa atsitse mtengo bwanji.

Fungo la kaunjika limatha mukaviika chovalacho m'madzi a sopo, kuchapa, kutsukuluza kawiri ndi kuyanika pamphepo. Koma jekete la suti musaliviike m'beseni. Mkati mwake muli nsalu zomatidwa ndi zotukuza mapewa zomwe zimakwinyika zikanyowa, ndipo sizibwereranso. Lipachikeni panja pamthunzi tsiku lathunthu, lipukuteni ndi kansalu konyowa pang'ono, kenako mulipese ndi bulashi.

Kwa telala

Pitani mwamsanga, ndipo pitani ndi nsapato zomwe mudzavale, chifukwa kutalika kwa buluku amayesera pa nsapato. Mpendero uzingokhudza pamwamba pa nsapato, usamakwekwe pansi. Valani chovalacho pomwepo kuti a telala alembe ndi choko kapena kubaya mapini chili m'thupi. Muyeso wongonena pakamwa ndi womwe umabweretsa mikangano.

Auzeni chilungamo: "Bambo, ndikupita ku intavyu ya sukulu ya udokotala, ndikupempha ndidzatenge Lachiwiri kuti ngati pali pokonzanso nthawi ikhalepo." Tsiku lotengera likhale kutatsala masiku anayi kapena asanu, osati tsiku lonyamuka. Amisiri athu a pakhonde amakhala ndi ntchito yambiri nyengo ya maukwati, pamene sukulu zikutsegulidwa ndi poyandikira Khirisimasi, ndipo amene makina ake ndi a magetsi amaima magetsi akathima. Kudutsako dzulo lake kukakumbutsa si chipongwe. Mukakatenga yesaninso pomwepo, khalani pa benchi yawo, muone ngati zipi yatsopano ikuyenda bwino musanalipire yotsala.

Mabanga

Apa ndikhalitsapo, chifukwa zovala zambiri zimaonongeka pochotsa banga kuposa ndi banga lenilenilo. Malamulo ndi atatu. Dziwani chomwe chadetsa musanathire kanthu. Yesani mankhwala aliwonse mkati mwa mpendero kaye kuti muone ngati sakusulutsa nsalu. Ndipo musasite banga lisanachoke, chifukwa kutentha kumalikhazikitsa.

Chikasu cha m'khwapa chimabwera ndi thukuta losakanikirana ndi mankhwala opaka m'khwapa. Ambiri amathamangira Jik, koma pa banga la thukuta Jik amatha kuwonjezera chikasucho, ndipo pa nsalu ya poliyesita amasiya chikasu chake chomwe sichichoka. Tengani soda, yemwe timathira m'therere uja, musakanize ndi timadzi pang'ono akhale phalaphala, pakani pabangapo, dikirani ola limodzi, tikitani ndi mswachi wakale, chapani n'kuyanika padzuwa. Likakana bwerezani mawa lake. Viniga woyera wosungunula m'madzi nayenso amathandiza mukaviikamo. Chenjezo lalikulu: musasakanize Jik ndi viniga, mandimu kapena mankhwala otsukira chimbudzi. Zimatulutsa mpweya wa chlorine womwe umapweteka maso ndi mapapo.

Litsiro la m'kolala ndi mafuta a m'thupi ndi odzola. Nyowetsani kolala, pakani sopo wa mtanda mokwanira, isiyeni kanthawi, kenako tikitani ndi mswachi motsata ulusi. Musaikhule pamwala, imanyotsoka m'mphepete.

Magazi, kaya a pometa ndevu, kaya a kumwezi, amafuna madzi ozizira okha. M'magazi muli mapuloteni omwe amaundana akatenthedwa, monga dzira limachitira m'madzi owira, ndipo akaundana m'kati mwa ulusi sachoka. Tsukani ndi madzi ozizira kuchokera kuseri kwa nsalu, viikani m'madzi a mchere, kenako sopo. Atsikana, werengani masiku anu. Ngati intavyu ikugwera pamenepo sankhani siketi yakuda ndipo tengani mapadi owonjezera.

Mafuta a chipisi, a mandasi kapena a ndiwo samva madzi okha. Thirani choko chopera, paudala kapena ufa woyera pabangapo kuti uyamwe mafuta, dikirani, sansani, kenako donthezani sopo wamadzi wotsukira mbale, tikitani ndi zala n'kutsukuluza ndi madzi ofunda. Mafuta akuda a tcheni cha njinga amafuna njira yomweyo, kungoti mobwereza.

Inki ya cholembera imasungunuka ndi sipiriti kapena sanitaiza wa m'manja. Ikani kansalu koyera pansi pa banga, nyowetsani thonje ndi sipiriti, muzidinda pang'onopang'ono osatikita, n'kumasuntha kansalu kapansi kaja inki ikamalowamo. Mukatikita banga limakula. Ngati sipiriti wanu ndi wa mtundu wa papo, pa shati yoyera gwiritsani ntchito sanitaiza wopanda mtundu.

Dzimbiri limachokera ku waya woyanikira, hang'ala wachitsulo kapena pini yoiwalika. Finyirani ndimu, wazani mchere, ikani padzuwa, likauma tsukani. Jik amalilimbitsa dzimbiri m'malo molichotsa. Pa nsalu ya mtundu ndimu amatha kusulutsa, ndiye yesani kaye mkati.

Matope, makamaka ofiira aja a nthawi ya dzinja, asiyeni aume. Mukawapukuta ali aawisi mukuwalowetsa mu ulusi. Akauma akunguntheni ndi bulashi, chotsalacho muchape ndi sopo. Timadontho takuda ta nkhungu, tomwe timagwira zovala zosungidwa m'sutikesi nyengo ya mvula, timachoka tikakhala tatsopano ndi sopo, ndimu ndi dzuwa. Tikakhalitsa sitichoka, ndipo ndi bwino kusintha chovala kusiyana ndi kutaya masiku atatu mukulimbana nato.

Kuchapa ndi kuumitsa m'nyengo ya ku Zomba

Chapani kutatsala masiku atatu. Tauni yathu ili m'tsinde mwa phiri, ndipo amene amakhala kuno akudziwa mmene mvula imatsikira kuchokera kuphiriko mosachenjeza pakati pa November ndi April, ndi mmene chiperoni cha June ndi July chimasiyira zovala zili zonyowa pachingwe masiku awiri. Zoyera chapani pazokha, buluku lakuda litembenuzeni kuti lisatuwe, ndipo tsukuluzani mpaka madzi ayere, chifukwa sopo wotsalira amasiya mizere yoyera pa nsalu yakuda ndipo amapsa chikasu pa yoyera mukamasita. Pukutani chingwe musanayanike.

Dzuwa likasowa, yalani thawulo louma, ikani shati pamwamba, kulungani zonse pamodzi n'kupotokola kapena kupondaponda. Thawulo limayamwa madzi ambiri. Kenako pachikani shatiyo pa hang'ala pakhonde kapena pawindo pomwe mphepo ikudutsa, ndipo ikatsala pang'ono kuuma imalizeni ndi simbi. Musayanike pamwamba pa mbaula. Chovala chimanunkha utsi, nthethe imodzi imaboola poliyesita, ndipo kugona ndi mbaula ya moto m'chipinda chotseka kwapha anthu chifukwa cha mpweya woipa wa makala.

Musayanikenso pa udzu kapena pansi. Ntchentche ya mphutsi imaikira mazira m'dothi ndi pa zovala zonyowa, makamaka zili pamthunzi nyengo ya mvula, ndipo timphutsi tikaswa timalowa pakhungu n'kutupitsa ngati chithupsa. Simbi yotentha imapha mazirawo. N'chifukwa chake makolo athu amasita ndi zamkati zomwe, ndipo inunso sitani, makamaka m'misoko ndi m'chiuno.

Kusita

Sitani dzulo lake masana, kapena nthawi iliyonse yomwe magetsi alipo, osadikira usiku. Onani kachikwangwani ka mkati mwa chovala. Pa chithunzi cha simbi pamakhala timadontho: kamodzi ndi kutentha kochepa kosapitirira madigiri 110, kwa nsalu zosachedwa kusungunuka ngati nayiloni, tiwiri ndi madigiri 150, titatu ndi madigiri 200, kwa nsalu ya thonje. Yambani ndi zofuna moto wochepa.

Shati isiteni ili ndi chinyontho pang'ono, kapena iwazeni madzi ndi zala. Yambani kolala kuseri kenako kumaso, kuchokera kunsonga kulowera pakati, kenako kumapeto kwa manja, manja enieniwo, mapewa, msana, n'kumalizira kutsogolo komwe anthu amaona. Buluku lakuda kapena siketi musaikepo simbi mwachindunji, imasiya kunyezimira. Yalani mpango woyera wonyowa pang'ono pamwamba, muzidinda ndi kunyamula m'malo mokhwekhwereza. Gwirizanitsani misoko ya mwendo musanadinde mzere kuti usatuluke mizere iwiri. Ngati kunyezimira kwachitika kale, kansalu konyowetsedwa m'madzi a viniga pang'ono, nthunzi ya simbi ndi bulashi zimachepetsa. Poliyesita ikasungunuka ndiye yapita, funani china.

Simbi ya makala imasita bwino kwambiri m'manja mwa munthu woidziwa. Ikani makala oyaka kale, ofiira, opanda utsi. Tsekani chotsekera mwamphamvu, uzirani phulusa panja kutali ndi zovala, pukutani kunsi kwake, ndipo yesani pa sanza yoyera musanakhudze shati. Simbi imeneyi ilibe batani lochepetsera moto, ndiye ikatentha kwambiri idindeni pa nsalu yonyowa kapena idikireni. Yambani ndi zovala za thonje ikadali yamoto, zopyapyala zibwere ikamazirala, ndipo nthawi zonse pakhale mpango pakati. Ngati simunaigwirepo, pemphani amayi kapena agogo akusitireni, tsiku limeneli si lophunzirira. Posowa simbi iliyonse, poto wa kunsi kosalala, wotsukidwa mwaye wonse, wothiramo madzi owira, amawongola shati mukaika mpango pakati. Buluku lopindidwa bwino m'mizere yake n'kuliika pansi pa matiresi usiku wonse limadzuka lowongoka.

Mukamaliza pachikani chovalacho chizizire musanachipinde, ndipo chikhale kutali ndi kukhitchini.

Nsapato

Zikhale zotseka kutsogolo, za chidendene chachifupi, zosagogoda poyenda. M'chipatala anthu amavala nsapato zotseka podziteteza ku singano ndi magazi, ndiye mukafika motero mumaoneka kuti malowo mukuwadziwa. Nsapato za pa kaunjika zina zimaoneka zatsopano koma zidakhala nthawi yaitali osavalidwa, ndipo mphira wa pansi amakhala atafumbwa. Ipindeni ndi manja pogula, dinani ndi chikhadabo. Ikang'aluka kapena kuyoyoka isiyeni, imeneyo imakathera pamsewu.

Zatsopano kapena zobwereka yendani nazo masiku angapo, mwavala masokosi omwe mudzavale, mpaka mudziwe pomwe zikuluma. Pamenepo matanipo pulasitala matuza asanatuluke. Pansi pakayamba kumatuka pitani kwa wosoka nsapato kumsika akasoke ndi ulusi, chifukwa guluu yekha amagonja m'madzi, ndipo ngati amata amafuna tsiku lathunthu kuti agwire. Nsapato yonyowa ifutseni nyuzipepala mkati, muzisintha ikanyowa, ndipo isayandikire moto chifukwa chikopa chimauma n'kusweka. Polishi pakani usiku, m'mawa n'kungopukuta. Masokosi akhale akuda, opanda bowo, aatali moti mukakhala pansi khungu lisaoneke.

Ulendo

Zovala za intavyu musayende nazo m'thupi. Kuchokera ku Zomba kukafika ku Blantyre ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 65, kudutsa pa Thondwe, Namadzi ndi Njuli, koma minibasi imadikira kudzaza, imaimaima, ndipo pa Limbe mumafunika kukweranso ina. M'menemo muli mnzanu wanyamula dengu la tomato, wina matemba a ku Chilwa, mwana wa pamiyendo pa mayi ake akudya chipisi. Palibe wolakwa, ndi mmene timayendera. Valani za masiku onse, za intavyu zikhale m'chikwama. Ngati muli ndi mbale ku Ndirande, Chilobwe, Bangwe kapena Zingwangwa, kagoneni komweko dzulo lake. Wopita ku Lilongwe, ulendo wodzera ku Liwonde, Balaka, Ntcheu ndi Dedza, asaganize n'komwe zonyamuka tsiku lomwelo.

Polongedza, tsekani mabatani a shati, pindani manja kumbuyo, kulungani mosafinya. Jekete litembenuzeni phewa limodzi lilowe mu linzake, kenako pindani pakati. Zonse zilowe m'jumbo yoyera yopanda zolemba zosuluka, nsapato m'jumbo yake, mafuta odzola ndi polishi kutali ndi zovala, zolembera zotsekedwa. Masatifiketi ndi kalata yokuitanani zikhale m'pulasitiki yawoyawo. Chikwama chikhale pamiyendo panu, osati kubuti pansi pa matumba. Mukangofika tulutsani zovala muzipachike.

Ngati m'mawa mukwera kabaza, lowetsani mwendo wa buluku m'sokosi kuopa tcheni, ndipo atsikana mangani chitenje pamwamba pa siketi, mukachivule pageti. Pa njinga yamoto samalani ndi paipi yotulutsa utsi, imawotcha nsalu ndi mwendo womwe. Nyengo ya fumbi kapena matope yendani ndi nsapato zina, zabwinozo mukavalire pafupi.

M'kathumba kakang'ono ikani singano yolowetsa kale ulusi wakuda ndi ina ya woyera, mapini otseka anayi kapena asanu, mabatani awiri, lezala, kachidutswa ka choko, kachidutswa ka kandulo, pulasitala, mipango iwiri, chipeso ndi kansalu kopukutira nsapato. Ambulera isatsale. Ngati muli ndi shati kapena bulauzi yachiwiri, ngakhale yosafika pa yoyambayo, itengeni yositasita.

Zikavuta m'mawa wa tsikulo

Idyani, tsukani m'kamwa, dzolani mafuta, kenako valani. Ngozi zambiri za tiyi ndi mankhwala otsukira mano zimachitika chifukwa chosintha ndondomeko imeneyi. Mafuta onunkhira akhale ochepa kapena asakhalepo, zikhadabo zikhale zazifupi, tsitsi lomangidwa kapena lometedwa masiku awiri m'mbuyo kuti mabala a lezala apole.

Batani likathothoka pamalo oonekera, yang'anani mkati mwa shati cham'munsi, nthawi zambiri mumakhala lapadera. Likasowa dulani la pansi penipeni, lomwe limabisika m'buluku, mulisamutsire pamwamba. Pindani ulusi pawiri, ikani kamtengo ka machesi pakati pa batani ndi nsalu, sokani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, chotsani kamtengo, zungulizani ulusi kunsi kwa batani n'kumanga mfundo kuseri. Kamtengoko kamasiya mpata woti batani lilowe m'bowo mosakoka nsalu.

Zipi ikakakamira musaikoke mwamphamvu. Onani ngati yaluma nsalu, muitulutse pang'onopang'ono, kenako pakani kandulo, sopo wouma kapena nsonga ya pensulo m'mano ake. Ikamatseguka kumbuyo kwa kachitsulo koyendetsa, ndiye kuti kachitsuloko katakasuka: katsitseni pansi, kafinyeni pang'ono mbali zonse ziwiri ndi pulayazi. Ikamatsika yokha, lowetsani kamphete ka makiyi pa chogwirira, mukakoleke pa batani la buluku musanalitseke. Ikafa ndithu, tsekani ndi mapini kuchokera mkati, kapena isokeni mwavala kale, mudzadula madzulo.

Mpendero ukamasuka, pulasitala kapena mapini obayira mkati amaugwira tsiku lonse. Msoko ukaphulika tembenuzani chovala, sokani mobwerera m'mbuyo motsata timabowo takale. Tiyi akatayikira dindani ndi mpango wonyowa madzi ozizira, kuchokera m'mphepete kulowera pakati, kenako ndi wouma. Kabanga kakang'ono pa shati yoyera kamabisika ndi choko, ndipo tayi, juzi kapena jekete zimaphimba zambiri. Mvula ikakupezani, lowani m'bafa mukangofika, finyani ndi mpango, pukutani nsapato, pesani tsitsi. Amene amatuluka thukuta kwambiri avale vesiti ya thonje mkati, anyamule jekete pamkono mpaka pakhomo, ndipo afike msanga kuti thupi lizizire ndi manja aume asanapereke moni.

Zikafika posankha pakati pa kuchedwa ndi kulowa ndi banga, lowani ndi banga. Amene akukufunsaniwo ndi anthu ogwira ntchito m'zipatala, amaona magazi ndi zina zoposa pamenepo tsiku ndi tsiku, ndipo mvula ya kuno amaidziwa. Ngati vutolo n'laling'ono musalitchule, ambiri saliona. Ngati n'loonekeratu, nenani kamodzi mutapereka moni: "Pepani mabwana, mvula inandipeza panjira." Kenako khalani pansi akakuuzani, ikani manja pamiyendo, muyang'ane amene akufunsayo, ndipo musabwererenso ku nkhani ya chovala.

Mukabwerera kunyumba, zobwereka zija zichapeni, zisiteni, masulani pomwe mudapinda, sokani batani lililonse lomwe lagwedera, ndipo mukazipereke nokha m'manja mwa eni ake sabata isanathe, mukawafotokozerenso mmene mwayendera.